Chimphona cha pakoleji chikafika pamphambano: phunziro la Zach Edey ndi anzake

Mu June 2023, pa mwambo umene matimu 30 a NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, amasankhapo osewera atsopano, umene eni ake amautcha draft, panachitika chinthu chimene munthu wongowerenga manambala sangachimvetse. Dereck Lively II, mnyamata wa zaka 19 wa ku koleji ya Duke, amene ankagoletsa mapointi 5 okha pa gemu, anatengedwa pa nambala 12. Usiku womwewo Oscar Tshiebwe wa ku Kentucky, mwana wa ku Lubumbashi, amene mu 2022 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'makoleji a ku America, anadikira mpaka dzina lomaliza litatchulidwa, lake osamveka. Drew Timme, amene palibe anagoletsapo mapointi ambiri kuposa iye m'mbiri ya Gonzaga, naye anatsala. Adama Sanogo wa ku Mali, amene anali atangonyamula chikho ndi UConn mu April, chimodzimodzi.

Panali wina wamtali kuposa onsewa amene sanadikire kuti aone zimenezi zikumuchitikira. Zach Edey wa ku Purdue, wa mamita 2.24 ndi makilogalamu pafupifupi 135, anali atalembetsa dzina lake, koma pa 31 May, tsiku lomaliza lololedwa, analichotsa n'kubwerera kusukulu. Patatha chaka anatengedwa ndi Memphis Grizzlies pa nambala 9. Ambiri amaiona nkhaniyi ngati umboni woti kudekha kumapindulitsa. Ine ndikuona kuti si choncho kwenikweni, chifukwa Tshiebwe nayenso anadekha, anabwerera ku Kentucky chaka china, ndipo sizinamuthandize kanthu pa draft. Kusiyana kwa awiriwa ndiye mutu wa nkhani ino.

Tiyambe ndi chifukwa chimene NBA imakayikira anthu amene amaopedwa kukoleji. Mpira wake ndi umodzi, koma malamulo ndi osiyana pamalo amene amakhudza wamtali. Kukoleji gemu ndi ya mphindi 40, timu imapatsidwa masekondi 30 kuti iponye. Ku NBA ndi mphindi 48, masekondi 24, ndipo magemu ndi 82 pa sizoni pamene kukoleji sapitirira 40 kawirikawiri. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75 kukoleji, ku NBA umafika 7.24, zomwe zimakulitsa malo amene woteteza ayenera kuwalondera. Choopsa kwambiri ndi lamulo la masekondi atatu: ku NBA woteteza saloledwa kungoima pansi pa mkombero wogoletsamo kupitirira masekondi atatu popanda munthu amene akumulonda. Kukoleji lamuloli kulibe. Chimphona chikhoza kumanga msasa pamenepo gemu yonse, manja m'mwamba, aliyense wobwera kuthawa yekha.

Amene munazolowera ntchemberembaye mukudziwa wogoletsa wamtali amene ntchito yake yonse imathera pafupi ndi golo. Basketball ya kukoleji imalola munthu kukhala chonchi ndithu. Ya NBA imamukoka kumutulutsa panja. Wamfupi wa timu inayo amakhala ndi mpira kunja kwa mzere, mnzake wamtali n'kubwera kudzaima ngati chipupa kuti womulonda agundepo. Pamenepo chimphona choteteza chimakhala ndi sekondi imodzi yoti chisankhe. Chikabwerera pansi pa mkombero, katswiri woponyera patali ngati Stephen Curry kapena Damian Lillard amaponya osasokonezedwa. Chikatuluka kukakumana naye, amachidutsa ngati akudutsa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Ndipo timu ya NBA ikaona kuti muli ndi munthu wolemera miyendo, imabwereza zomwezo kakhumi, kosachita manyazi, mpaka kochi amutulutse. Ndiye chifukwa chake ofufuza luso a matimuwa sayang'ana kwambiri mapointi a senta, wamtali amene malo ake ndi pafupi ndi mkombero. Amayang'ana mapazi ake, kutalika kwa mikono, ndi zaka. Lively anali nazo zonse zitatu. Mapointi aja anati adzawapeza m'tsogolo, ndipo mu 2024 anali akusewera kale mu fainolo ya NBA ndi Dallas.

Kubwerera kukoleji

Edey anachedwa kuyamba masewerawa. Ku Toronto anakulira pa baseball ndi hockey, basketball anaigwira ali ndi zaka pafupifupi 15, kenako n'kupita ku IMG Academy ku Florida. Pa mndandanda wa anyamata otuluka kusekondale chaka chake, dzina lake linali kupitirira nambala 400. Matt Painter, kochi wa Purdue amene amadziwika ndi kukonda osewera aataliatali, anamutenga mu 2020. Chaka choyamba ankasewera mphindi pafupifupi 15, mapointi 8.7 pa gemu. Chachiwiri mphindi 19, mapointi 14.4, akugawana malo ndi Trevion Williams. Chachitatu Williams atachoka, mphindi zinapitirira 31, mapointi 22.3, ndi maribaundi 12.9, kutanthauza mipira imene amaitola ikabwerera kuchokera pa mkombero. Yang'anani mphindizo kuposa mapointi. Kwa munthu wa thupi limenelo, kuthamanga uku ndi uku theka la ola osafooka ndi luso limene limamangidwa pang'onopang'ono, ndipo ndi limene linatsegula zina zonse.

Kenako kunabwera tsoka la March 2023. Purdue inalowa mu mpikisano waukulu wa makoleji ili imodzi mwa matimu anayi apamwamba, n'kukumana ndi Fairleigh Dickinson, timu imene inali ya osewera aafupi kuposa ina iliyonse mu gawo lalikulu la makoleji. Kochi wawo Tobin Anderson sanayese kulimbana ndi kutalika. Anauza anyamata ake kuti amuzinge Edey awiriawiri, atatuatatu, wina kutsogolo wina kumbuyo, ngati nyerere pa chiwala, ndipo anzake a Edey asiyidwe aponye momwe angafunire. Anaponyadi, maulendo 26 kuchokera kunja kwa mzere, n'kulowa 5 yokha. Mbali inayo aafupi aja ankamukokera Edey panja n'kumamuzungulira. Iye anagoletsa 21 ndi maribaundi 15, koma Purdue inagonja 63 kwa 58. Kanali kachiwiri m'mbiri yonse kuti timu ya pa nambala 16 igwetse ya pa nambala 1. Mutu ukakula sulewa nkhonya: mawu onse onyoza anagwera iye, ndipo ofufuza a NBA anaona pa gemu imodzi chilichonse chimene ankachiopa.

Pamenepo ambiri ankamuika mu gawo lachiwiri la draft. Kusiyana kwa magawo awiriwa ndi kwa ndalama zenizeni. Wotengedwa mu 30 oyamba amalandira kontrakiti ya zaka ziwiri zotsimikizika, timu n'kukhala ndi ufulu woonjezera zina ziwiri. Wa gawo lachiwiri amalandira chimene wothandizira wake angakambirane, nthawi zina chabwino, nthawi zambiri chopanda chitsimikizo.

Chimene Edey anachita ndi chaka chowonjezeracho ndi chimene chimandichititsa kunena kuti anabwerera ndi cholinga. Chilimwe chimenecho anakhala ndi timu ya dziko la Canada, pamodzi ndi Shai Gilgeous-Alexander, Dillon Brooks ndi Kelly Olynyk, imene inatenga mendulo ya malo achitatu pa World Cup ku Manila itagonjetsa America. Sanasewere kwambiri, koma anakhala milungu ingapo akulimbana tsiku ndi tsiku ndi anthu a liwiro la NBA. Atabwerera ku Purdue ankaoneka wopepuka, ankatuluka kukakumana ndi wamfupi n'kubwerera mwachangu, ndipo akazingidwa ankapeza mnzake womasuka msanga kuposa kale. Mapointi anakwera kufika 25.2, ochuluka kuposa a wina aliyense m'dzikomo, ndipo ankaponya mipira yaulere yoposa 11 pa gemu chifukwa njira yokhayo yomuimitsa inali kumugwira, koma yoposa 70 pa 100 iliyonse inkalowa.

Tisanamutamande yekha, tinene chilungamo: timu inasinthanso. Braden Smith ndi Fletcher Loyer, amene anali a chaka choyamba pa tsoka lija, anali atakhwima, ndipo kunabwera Lance Jones kuchokera ku Southern Illinois. Purdue inachoka pa kulowetsa pafupifupi 32 pa 100 ya mipira ya kunja kufika pafupifupi 40. Kumuzinga Edey kunasanduka kudzipha.

Gemu imene sindiiwala ndi ya Tennessee, yolowera mu anayi omaliza a mpikisano waukulu uja. Edey anagoletsa 40, maribaundi 16, ndipo chakumapeto anatchinga mpira wa Dalton Knecht pamene Tennessee inkafuna kubwerera. Purdue inapambana 72 kwa 66, koyamba kufika pamenepo chichokereni 1980. Mwambo wake ndi woti opambana amakwera makwerero kukadula ukonde wa pa mkombero. Iye makwererowo sanawagwire n'komwe. Anangoima pansi, n'kutambasula mkono ndi sizasi, n'kudula.

Fainolo inali pa 8 April 2024 ku Glendale, Arizona, kwathu kuno cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Dan Hurley, kochi wa UConn, anachita zosiyana ndi za Anderson. Anamuika Donovan Clingan, wa mamita 2.18, kuti alimbane ndi Edey yekha, ena onse n'kutsekera oponya akunja. Edey anagoletsa 37 mwa mapointi 60 a timu yake. Anzake anayesa mipira 7 yokha ya kunja, n'kulowa umodzi. UConn inapambana 75 kwa 60. Koma kwa ofufuza a NBA usiku umenewo unali wofunika mwanjira ina: anaona Edey akugoletsa pa munthu wamtali ngati iye, amene aliyense ankavomereza kuti ndi woteteza wa mlingo wa NBA. Pa mayeso a thupi amene amachitika ku Chicago mu May, liwiro lake linali labwino kuposa la chaka chapitacho. Mu June Clingan anapita ku Portland pa nambala 7, Edey ku Memphis pa 9, ndi malipiro opitirira madola 5 miliyoni chaka choyamba chokha.

Panalinso mwayi umene sunali wa thukuta lake. Draft ya 2023 inali ya Victor Wembanyama, amene anatengedwa pa nambala 1, ndi anzake, yodzaza. Ya 2024 akatswiri ambiri ankaiona yofooka kumtunda. Munthu yemweyo amagulidwa mosiyana malinga ndi amene ali naye pamsika tsiku limenelo, monga tomato wa nthawi ya dzinja ndi wa nthawi yokolola.

Tsopano Tshiebwe. Mu 2021–22 ankagoletsa 17.4 ndi maribaundi oposa 15 pa gemu, chinthu chimene chinali chisanaoneke kwa zaka zambiri. Anabwerera, nachita 16.5 ndi 13.7. Palibe amene ankakayikira mtima wake kapena manja ake. Chimene NBA inkakayikira chinali chakuti amalembedwa mamita 2.06, kutanthauza wamfupi pa udindo wa senta, satchinga mipira yambiri pa mkombero, saponyera kunja, ndipo wamfupi akamukokera panja amavutika. Chaka china cha kukoleji sichitalikitsa munthu. Chinangomuonjezera chaka, n'kufika pa draft ali ndi 23. Matenda a Edey anali ochizika ndi nthawi, a Tshiebwe ayi. Funso loyamba la wosewera aliyense amene akuganiza zobwerera liyenera kukhala limeneli: chimene akundikanira n'chiyani kwenikweni, ndipo miyezi 12 ingachisinthe?

Komabe kunena kuti Tshiebwe analakwitsa n'kuiwala ndalama. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera a kukoleji analoledwa kulandira malipiro pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo potsatsa malonda, zimene amazitcha NIL. Mu June 2025 khoti linavomerezanso mgwirizano wolola sukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu imodzi m'chaka cha 2025–26, ogawidwa m'masewera onse. Senta wotchuka wa pa sukulu yaikulu masiku ano akhoza kupeza zambiri kukoleji kuposa zimene angalandire pansi pa mndandanda wa NBA. N'chifukwa chake olembetsa msanga ku draft, amene anali oposa 300 mu 2021, anatsika kufika 106 mu 2025. Kwa munthu amene akudziwa kuti kutchuka kwake kwafika pachimake ali pasukulu, fodya wake ndi amene ali pamphuno.

Pali msampha umodzi umene umakhudza ana a ku Africa ndi alendo ena onse. Chitupa cha wophunzira cha F-1 chimaletsa ntchito zambiri zolipidwa uli m'dziko la America. Edey, pokhala wa ku Canada, anadandaula poyera kuti akuluza ndalama zambiri chifukwa cha lamuloli. Tshiebwe anachita kudikira ulendo wa timu yake wa ku Bahamas mu August 2022 kuti akajambulitse zotsatsa malonda ali kunja kwa dzikolo. Mnyamata wochokera ku Dakar kapena ku Juba asawerengere ndalama za NIL ngati mnzake wa ku Indiana asanafunse bwino loya wa za zitupa.

Ndipo chaka chilichonse chowonjezera chimadya thupi. Mapazi ndi mawondo a anthu aataliatali chonchi nthawi zambiri sakhalitsa. Yao Ming anasiya mu 2011 ali ndi zaka 30 zokha chifukwa cha phazi ndi kakolo. Greg Oden, woyamba pa draft ya 2007, anasewera magemu 105 moyo wake wonse wa NBA. Wobwerera kukoleji akuika pachiswe miyendo imene sanaigulitsebe.

Kuchoka msanga, mtengo usanatsike

Njira iyi si ya aliyense, ndipo amene ndi yawo amadziwika msanga. Lively tamutchula. Clingan anakhala zaka ziwiri zokha, chaka choyamba ali wolowera m'malo mwa Sanogo, ndipo taonani mmene zinathera: wa pabenchi nambala 7, woyamba mu timu osatengedwa. Khaman Maluach, wobadwira ku South Sudan n'kukulira ku Uganda, anadutsa ku NBA Academy Africa ku Saly, Senegal, anasewera mu Basketball Africa League ndi pa Olympics ya ku Paris ali ndi zaka 17, anakhala chaka chimodzi ku Duke akugoletsa 8.6, n'kutengedwa pa nambala 10 mu 2025, kupita ku Phoenix. Onsewa anagulitsa chimene angadzakhale, osati chimene ali. Wosewera wa mtundu uwu akachedwa pasukulu amangopatsa ofufuza nthawi yoona zofooka zake, ndipo maloto amagulidwa modula kuposa zoona.

Kuipa kwake n'kwakuti NBA si sukulu. Magemu amathithikana, nthawi yophunzitsa ndi yochepa, ndipo timu imene yakulipira ndalama zambiri imafuna zipatso msanga. Aneba athu a ku Tanzania amaidziwa nkhaniyi. Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, wa mamita 2.21, nayenso anayamba basketball ali ndi zaka pafupifupi 15, anakhala zaka zitatu ku UConn akutchinga mipira yoposa 4 pa gemu, ndipo Memphis yomweyi inamutenga pa nambala 2 mu 2009, patsogolo pa James Harden ndi Curry. Sizoni yoyamba isanathe anali atatumizidwa ku ligi yaing'ono, ndipo anamaliza NBA ali ndi mapointi osafika 3 pa gemu. Ndalama anapeza, zimenezo palibe angamulande. Koma anachoka pasukulu ali ndi luso limodzi lokha, manja ndi mapazi a pogoletsa asanapse. Edey anachoka ali ndi chinthu chimene palibe ankakayika kuti achita tsiku loyamba: kulandira mpira pafupi ndi mkombero, kutembenuka, n'kuuponya ndi dzanja limodzi pamwamba pa aliyense.

Khomo lakumbuyo

Wosatengedwa, kapena wotengedwa kumapeto, kawirikawiri amalandira kontrakiti ya mbali ziwiri: amakhala wa timu ya NBA komanso wa timu yake yaing'ono mu G League. Timu iliyonse ili ndi malo atatu otere. Malipiro ndi theka la ochepetsetsa a wosewera watsopano, pafupifupi madola 560,000 mu 2023–24, magemu a NBA osapitirira 50, ndipo ndime ya chikho saloledwa kusewera. Amene alibe ngakhale zimenezi, wongosewera mu G League, ankalandira pafupifupi madola 40,000 pa sizoni.

Tshiebwe anadutsa khomo limeneli ndi Indiana, kenako Utah. Mu G League anasankhidwa kukhala watsopano wopambana wa 2024, ndipo ankatola maribaundi ngati akutola mango pansi pa mtengo. Koma kupambana kumeneko kunangotsimikizira zimene aliyense ankadziwa kale. Amene khomoli linamutsegukira bwino ndi Luka Garza wa ku Iowa, wopambana onse m'makoleji mu 2021, amene Detroit inamutenga pa nambala 52. Anachepetsa thupi, anadalira kuponya kwa kunja kumene anali nako kale, anapirira zaka zingapo pa benchi ya Minnesota mpaka kupatsidwa kontrakiti yeniyeni, ndipo mu 2025 anasaina ndi Boston. Timme anadikira mpaka March 2025 kuti Brooklyn imuitane. Njirayi imayenera munthu amene akusowa chinthu chimodzi chokha choti asonyeze, ndipo ali ndi mtima wotha kukhala pansi magemu khumi otsatizana osataya mutu. Ndinganene kuti zaka ziwiri kapena zitatu n'zokwanira kudziwa ngati chitseko chikusuntha.

Kuwoloka nyanja

Iyi ndiyo imene anyamata a ku America amaiona ngati kugonja, ndipo ine ndimaiona kuti kwa zimphona zambiri ndi imene ili yanzeru. M'maligi ambiri a ku Ulaya ndi ku Asia amasewera malamulo a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi: mphindi 40, mzere wa mamita 6.75, ndipo lamulo la masekondi atatu la woteteza kulibe. Ndiye kuti dziko limene linamupanga munthu kukhala mfumu kukoleji likadalipo, ndipo limalipira. Edy Tavares wa ku Cape Verde sanadutse kukoleji, koma nkhani yake ikuonetsa bwino kusiyanaku. Ku Atlanta ndi ku Cleveland sanapeze malo, koma kuchokera 2017 wakhala mzati wa Real Madrid, wapambana EuroLeague, ligi yaikulu ya ku Ulaya, mu 2018 ndi 2023, ulendo wachiwiriwo ali wosewera wopambana wa ndime yomaliza. Kyle Hines wa ku UNC Greensboro, senta wa mamita 1.98 okha amene NBA sinamutenge n'komwe, ananyamula EuroLeague kanayi, kawiri ndi Olympiacos, kawiri ndi CSKA Moscow. Kofi Cockburn wa ku Jamaica, amene ankagoletsa pafupifupi 21 ku Illinois koma osatengedwa mu 2022, anapita ku Japan kenako ku South Korea. Trevion Williams uja wogawana malo ndi Edey anakasewera ku Germany.

Sikuti kumeneko n'kwa uchi wokhawokha. Maligi ambiri amachepetsa chiwerengero cha alendo, choncho mlendo akafooka milungu itatu amapakiridwa katundu. Makontrakiti ambiri ndi a chaka chimodzi, ndipo m'matimu ena aang'ono malipiro amachedwa. Makochi a ku Ulaya amafuna senta wodziwa kuwerenga gemu ndi kupatsira, osati wongodikira mpira. Koma matimu ambiri amapereka nyumba ndi galimoto, ndipo munthu amasewera mphindi 25 usiku uliwonse m'malo mowombera anzake m'manja atavala jekete. Vuto lalikulu ndi nthawi. Amene wakhala zaka zinayi akugogoda khomo la G League amafika ku Ulaya ali ndi 27, n'kuyambira pansi pamene anzake anakwera kale. Mapanga awiri amavumbwitsadi.

Ndikaika zonsezi pamodzi, kasankhidwe kanga kangakhale kotere. Wa zaka 19 wa mikono yaitali ndi mapazi opepuka, amene akuuzidwa ndi matimu enieni, osati ndi achibale, kuti ali mu 20 oyamba, apite lero. Amene akumukayikira pa mphamvu, kupirira, mipira yaulere kapena kuwerenga gemu, abwerere, makamaka ngati kochi ndi anzake a mu timu akhalapobe, chifukwa Edey popanda Smith ndi Loyer okhwima akanazingidwanso ngati kale. Ryan Kalkbrenner anakhala zaka zisanu ku Creighton, kanayi konse woteteza wopambana wa ligi ya makoleji ya Big East, n'kutengedwa ndi Charlotte pa 34 mu 2025, zomwe zikusonyeza kuti ukalamba sutseka khomo ngati luso lako ndi limene NBA imagula. Amene vuto lake ndi msinkhu kapena miyendo yobadwa nayo, adye ndalama za kukoleji mpaka chaka chomaliza, atenge digiri, ayese khomo lakumbuyo sizoni imodzi kapena ziwiri, kenako akwere ndege thupi likadali lake.

Za Edey mwini, sizoni yake yoyamba ku Memphis inayankha theka la mafunso. Anasewera magemu 66, ambiri akuyamba mu timu, mapointi 9.2 ndi maribaundi 8.3, n'kuikidwa mu asanu opambana mwa atsopano. Munthu amene zaka zinayi zonse za ku Purdue anayesa mipira iwiri yokha ya mapointi atatu anayamba kuiponya ku NBA, ina n'kumalowa. Matimu ankamukokerabe panja, ndipo magemu ena kochi ankamukhazika pansi chakumapeto aafupi akachuluka m'bwalo. Mu June 2025 anachitidwa opaleshoni pa kakolo wakumanzere, amene anali atamuvutitsa kangapo m'sizoniyo, ndipo anali ndi zaka 23.